Kajumbo ka Shuga M'thumba Langa

Fungo la mchenga wonyowa limandibwezera kwathu kwa Kalembo, chaka chimene ndinali Sitandade 7. Kuseri kwa chitseko cha amayi kunali mphika wadothi wodzaza mchenga, ndipo pakati pa mchengawo pankakhala kabotolo ka insulini ka mlongo wanga Asiyatu. Firiji tinalibe, ndiye m'mawa uliwonse amayi ankawaza madzi mumphikamo kuti mankhwala asawonongeke ndi kutentha. Asiyatu anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene achipatala anamupeza ndi matenda a shuga. Bambo anali ku Joni, zonse zinagwera amayi.

Inali nyengo yotola thonje, miyezi yozizira. Anzathu ankalawirira kumunda mame asanaume, koma kwathu kulawira kunalibe. Amayi ankayamba asamba m'manja, kenako n'kukweza jakisoni poyera pakhomo, akuwerenga timizere take ndi chikhadabo, munthu woti sanapondeko m'kalasi. Ankabaya pantchafu, Asiyatu atayang'ana kudenga. Kenako pankabwera phala la mgaiwa, ndipo ankayenera kudya ndithu asananyamuke. Tikamafika kusukulu, belu linkakhala litalira kalekale.

Achibale ankati mwana wotere azingokhala pakhomo. Amayi ankayankha mwachidule: "Iyayi. Matendawa sanalowe m'mutu." Anapita okha kwa ahedi kukapempha kuti Asiyatu asamalangidwe akachedwa, komanso azitha kudya m'kalasi. Ahedi anavomera, koma anati akagwa iwo sadziwa chochita, pakhale munthu wodziwa pafupi. Munthuyo ndinali ine. Tsiku lililonse amayi ankamanga masipuni awiri a shuga m'kajumbo, n'kukalowetsa okha m'thumba la kabudula wanga.

"Ukaona akutuluka thukuta, akunjenjemera, usafunse munthu," ankatero. "Masula, umuike m'kamwa. Wamva, Yusufu?"

Ndinkamva, inde. Koma ine ndinali wamtima wapachala, moti anzanga ankanditchula Kambuzi, tsabola uja. Wina akangoti mlongo wako amabayidwa ngati ng'ombe, chibakera chinkafika mawu asanathe.

Tsiku lina ahedi kunalibe, ndipo pageti panaima aphunzitsi atsopano amene nkhani yathu sankaidziwa. Onse ochedwa tinalandira chibalo. Anyamata anatipatsa matsache, atsikana anawatuma kumjigo kukatunga madzi othirira mitengo. Ndinayesa kufotokoza, koma anangondiloza ndi ndodo kuti ndizipita. Ndikusesa, ndinamuona Asiyatu akubwera ulendo wachitatu, ndowa ikugwedezeka pamutu. Anaitula, n'kukhala pansi. Kunja kunkazizira, koma nkhope yake inali thukuta lokhalokha.

"Dzuka iwe! Ulesi umenewo kwanu komweko," anatero aphunzitsiwo, akumugunda ndi ndodo paphewa.

Sanamumenye kwenikweni, lero ndikhoza kuvomera. Koma m'maso mwanga munada bii. Ndinatola chidutswa cha njerwa n'kuwagenda aphunzitsiwo, ndipo chinakatera pamwamba pa khutu lawo. Anyamata a Sitandade 8 anandigwira manja, ine ndikuphiriphitha, kutukwana m'Chiyao mpaka mawu kusasa. Sukulu yonse inatizungulira ife. Nthawi yonseyo Asiyatu anali atagona pafumbi, yekha.

Amene anamuona anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa kumpanda. Anathamanga ndi shuga wa tiyi wawo, n'kumupaka m'kati mwa tsaya ndi chala mpaka anatsegula maso.

Ahedi anandichotsa sukulu tsiku lotsatira. Amayi anagwada mu ofesi, koma magazi anali atatuluka, panalibenso zokambirana. Pobwerera ine ndinkangodikira khofi. Titafika pa mlambe wa panjira anaima, n'kupisa dzanja m'thumba langa. Kajumbo kaja kanali momwemo, mfundo yake ili momwe anaimangira dzulo lake. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukamanga pansonga ya chitenje.

Kuyambira pamenepo amayi ankamuperekeza Asiyatu okha, poti ine anandiletsa kuponda pasukulupo. Ankakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa mpaka ana aweruke, maso ali pawindo la Sitandade 4. Ine ndinkatola thonje ndekha, koma manja awiri sakanatha munda wonse. Thonje linayamba kugwa, kuda ndi fumbi, mbuzi n'kumalowamo. Patatha masabata atatu, amayi anachapa yunifomu ya Asiyatu, n'kuipinda bwinobwino m'sutikesi. Anati adzabwerera teremu ya mawa. Teremu imeneyo sinafike.

Lero ndimapalasa kabaza ku Balaka. Asiyatu ali moyo, amasoka zovala, ndipo amadzibaya yekha. Akalandira buku lake lakuchipatala amaliwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa chilembo chilichonse, monga ankachitira amayi ndi timizere tija.

Nyengo yonse ija ndinkayenda modzitukumula, ndikuuza aliyense kuti ndinamenyera nkhondo mlongo wanga, ndipo ndinkadabwa kuti amayi sanandiyamikepo. Ndinkaona ngati anandituma kukhala mlonda wake. Chimene anandituma chinali chaching'ono kuposa pamenepo: kumasula mfundo imodzi.