Keyala ya Sukulu

M'nyumba mwanga ku Mponela muli kakompyuta kakale komwe sikazimitsidwa. Ndimasungamo ntchito zanga, ndipo ndikakhala kutali ndimalowamo kudzera pa VPN, kanjira kotchingidwa koti odutsa asasuzumire. Kwa zaka zingapo zinkakanika. Kampani ya intaneti inkatiunjika anthu ambiri pa adiresi imodzi. Kutuluka tinkatuluka, koma wochokera kunja sankapeza khomo loti agogode. Kampaniyo itabweretsa maadiresi amakono a IPv6, makina aliwonse anakhala ndi yakeyake, ndipo ndinayamba kufika kwanga osadzera kwa munthu.

Keyala yobwereka ndinaidziwa ndili mwana ku Msakambewa, komwe agogo anandilera makolo anga atamwalira. Mudzi wonse unkalandira makalata pa bokosi la sukulu. Mphunzitsi wina ankapalasa njinga kukawatenga ku positi, ndipo Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ankaitana mayina pakhonde.

Matipate atayamba, sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana anasefukira, ena ali ndi ndevu kale. Mphunzitsi uja anapatsidwa makalasi awiri pansi pa mtengo, njinga yake n'kumangotsamira khoma.

Nthawi imeneyo ndinali nditalemba mayeso a sitandade 8 koma osasankhidwa. Amalume, omwe ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu, analonjeza kundifunira malo pa sekondale ina kumeneko. Anati tidikire kalata.

Agogo ankafunsa mapemphero akangotha, ine nditaima kumbuyo kwawo.

"Aphunzitsi, kwathu kulibe kanthu?"

"Mayi, ndili ndi ana odzaza bwalo la mpira. Ku positiko ndipite nthawi yanji?"

"Kodi njinga ija idafa?"

"Idatopa ngati mwini wake."

"Tibwerekeni ndiye. Mwanayu miyendo ali nayo."

Mphunzitsiyo anaseka, nati kiyi wa bokosi sapatsa mwana, muli makalata a mudzi wonse. Agogo sanaseke. Anamanga mpango wawo bwinobwino, tinanyamuka.

Makalata anabwera fodya atayamba kuthyoledwa, katoni yathunthu, ena atachita nkhungu. Mayina anaitanidwa mpaka dzuwa kupendeka. Yathu ndinawawerengera agogo m'chigafa, iwo akusoka fodya. Amalume analemba kuti malo apezeka, ndifike mwezi usanathe, apo ayi apatsa mwana wa kapitawo. Mwezi womwe ankanenawo unali utadutsa kalekale.

"Werenganso pali detipo."

Ndinawerenganso. Agogo anamaliza kusoka masamba omwe anali m'manja, anawakoloweka pamtanda, kenaka anatola ena.

"Mawa ukalembetse, ubwereze," anatero.

Ndinabwereza sitandade 8 chaka chimenecho, m'kalasi ya mphunzitsi yemwe uja.