Azakhali ndi Mwala Wogwa Kumwamba

Kuntchito onse amawatchula Azakhali, ngakhale amene ali ndi imvi kuwaposa. Chipinda chawo chili pansi pa masitepe, chopanda zenera. Muli sowo yamagetsi, mbale zozungulira zopalira miyala, ndi mpope wodontha umene amisiri anaulephera kalekale. Ntchito yawo ndi kudula mwala, kuumata pa kagalasi, n'kuupala mpaka upyapyale moti kuwala kuzidutsa. Zala zawo zinatha mizere, foni yawo yomwe imakana chala chawo. Bambo akunyumba amawaseka kuti, "Miyala ya eni mumaisalaza, koma zidendene zanga ming'alu yokhayokha." Iwo amayankha kuti mwala sudandaula.

Chonyadira chawo n'chimodzi: chiyambireni ntchito sanawonongepo mwala wa munthu.

Tsiku lina Dokotala, mtsikana wofufuza za miyala amene ofesi yake ili m'mwamba, anatsika ndi kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Kanali ka mwala wogwa kuchokera kumwamba, kobwereka kutali, ndipo kena kunalibe. Ankafunamo silika, chinthu chija chimadzaza mumchenga. Silika ndi imodzi koma imaumbika mosiyanasiyana, ina m'moto woopsa, ina miyala ikawombana mwamphamvu. Ukadziwa mtundu wake wadziwa zimene mwalawo unadutsamo.

"Azakhali, aka mupale ndi phala lopalira la dayamondi lokha," anatero Dokotala.

Anavomera. Koma chizolowezi sichimva malangizo. Pomaliza, nkhani imene mayi wokolopa ankawasimbira ya mpongozi wake itafika pokoma, dzanja linapita lokha ku botolo loyera limene amamalizira nalo mwala uliwonse kuti uwale. Phala la m'botolomo ndi la silika. Anazindikira kagalasi katapita kale m'mwamba, ndipo anadzitonthoza kuti anakatsuka bwino.

Mlungu usanathe Dokotala anawaimitsa pamasitepe, chimwemwe chitadzaza tsaya. "Azakhali, ndaipeza! M'timing'alu muli silika!"

Azakhali anazindikira pomwepo. M'timing'alu ndi momwe phala limabisala. Akakhala chete, mtsikanayo akaima pamaso pa akatswiri anzake n'kulengeza kuti phala la m'botolo la Azakhali lachokera kumwamba. Akaulula, mbiri yawo ija yatha. Anachita mantha, anachitanso manyazi, moti kunyumba chakudya chinakana kutsika. Bambo atamva nkhaniyo sanaseke. Anangoti, "Mayi, mukabisa matenda maliro adzaulula."

M'mawa Azakhali anakwera masitepe botolo lili m'manja, nanena zonse osazungulira. Dokotala nkhope inagwa. Kenako anati, "Tiyeni tikafunse makina."

Aka kanali koyamba Azakhali kulowa m'chipinda cha makina. Makinawo amalasa mwala ndi kadontho ka kuwala kobiriwira, ndipo kuwala kobwerera kumajambula mzere pa kompyuta. Mtundu uliwonse wa silika uli ndi mzere wakewake. Dokotala anayamba wapaka phala lija pa galasi lopanda kanthu, naliumitsa. Mzere wake unangotukuka pang'ono ngati msana wa ng'ombe. Kenako anaika kamwala kaja, nalozetsa kuwala pa mng'alu woyamba.

Unatuluka msana womwewo.

"Apa ndi inu," anatero Dokotala motsitsa mawu.

Azakhali anagwira m'mphepete mwa tebulo. Dokotala anasuntha kuwala n'kukuimika pa kanjere kotuwa ka mu mng'alu wina, kamene kanamusangalatsa tsiku lija. Makina sathamangira munthu, ndipo Azakhali anapemphera pemphero lopanda mutu. Mzere utabwera unali wina, wosongokasongoka ngati mano a chipeso. Anayesa kanjere kena, kenanso, ndipo zinali chimodzimodzi.

"Iyi si yanu, Azakhali. Yanu ilibe mano. Iyi inapsa m'moto waukulu padziko pasanayende munthu."

Azakhali anangoti khwithi pa kampando. Anaseka, misozi ikutsika, napukuta ndi kolala ya ovolosi. Mtima unakhala pansi, ndipo njala ya dzulo inabwera yonse nthawi imodzi.

"Ndiye ndichotsedwa pa miyala yanu, mwanangu?"

Dokotala anatulutsa kagalasi m'makina, nakaika m'dzanja lawo.

"Phala lanulo lichokemo, ndipo kafunika kupalidwanso. Ndipatsenso ndani? Munthu wina akanandisiya ndikalengeze zabodza."