Kapu yobiriwira ya ba Anti Jesi

Ndikukumbukira chaka chimene m'nyumba mwathu ku Kabwata munakhazikitsidwa boma la makapu. Ndinali ndisanamalize pulayimale. Fakitale imene atate ankagwirako ntchito inali itagulitsidwa, ndipo iwo anabwezedwa kwa ife ngati katundu amene wakanika pamsika. Ulamuliro wonse unapita kwa amayi.

M'nyengo yomweyo kunabwera ba Anti Jesi, mlongo wa atate, kuchokera ku Chelstone. Amuna awo anali atamwalira ataonda kwambiri. Achibale a malemuwo anasesa nyumba yonse, n'kuwasiyira mimba ndi kachilombo, popeza ziwirizi zokha ndizo zinalibe wozilimbirana. Dzina la matendawo sitinkalitchula. Amayi anangogula kapu yapulasitiki yobiriwira n'kuiika payokha pawindo, ndipo aliyense anamva.

Mvula itayamba mipopi inauma, monga mwa mwambo wa mzinda wathu. Tinkatunga pa paipi yophulika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene suweji inkasefukira, n'kumathira mu dilamu panja. Madzi akumwa amayi ankawiritsa pa mbaula n'kusunga mu ndowa yoyera yovundikira. Ndowayo inali ya banja. Ba Anti ankamwa a mu dilamu.

Atate atayesa kufunsa chifukwa, amayi anayankha osatembenuka: "Malasha ni ya anthu amene ali na mawa."

Ba Anti ankanditcha ba Dokota, chifukwa ndinkalengeza ponseponse kuti ndidzakhala dokotala. Loweruka lina masana, atakhala pamkeka kukhonde miyendo itatupa, anandikodola.

"Ba Dokota, nipatseniko manzi ya mu ndowa. Ya mu dilamu yanunkha monga msika wa Soweto mu mvula."

Wodwala wanga woyamba sindikanamukaniza. Ndinatenga kapu yobiriwira, ndinavundukula ndowa, n'kumiza kapu yonse m'madzimo. Potembenuka, amayi anali pakhomo.

Ndowa yonse anaikhuthulira pamaluwa. Kenako anatenga mthiko n'kuyamba kundiphunzitsa zaumoyo, kuyambira m'matako kukafika m'makutu. "Ufuna kutipaya tonse, iwe? Ufuna tikagone ku manda pamodzi?" Atate anali pampando, akufufuza ntchito m'nyuzipepala ya mwezi watha.

Ba Anti anadzikoka mpaka pakhomo. "Mulamu, menyani ine. Ndine ninamutuma."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. "Nikumenyeni na chani? Nilibe mthiko wotaya."

Madzulo amenewo mbaula inayaka modzaza, kuwiritsa madzi otsukira ndowa. Malasha ake akanakwanira kuwawiritsira ba Anti akumwa kwa masiku ambiri. Kuyambira pamenepo ba Anti sanapemphenso. Ndinkangomva kapu ikugunda m'mbali mwa dilamu.

Mvula isanathe maso awo anasanduka achikasu ngati yolika ya dzira. Ankasanza chilichonse, kenako anayamba kunditchula dzina la malemu amuna awo. Azimayi oyandikana nafe ankabwera kudzazonda ataima pakhomo, manja kumbuyo, n'kumanong'onezana kuti matenda aja afika pomaliza.

Kuchipatala ananditenga kuti ndinyamule zofunda. Dokotala weniweni, ataona masowo n'kugwira pansi pa nthiti, ananena kuti chimene chikuwapha si kachilombo kaja ayi. Chinali chiwindi, ndipo matenda otere amabwera ndi madzi oipa.

"Amamwa madzi otani kunyumba?"

"Amene timwa tonse," anayankha atate.

Amayi ankawerenga chithunzi cha katemera pakhoma, mwachidwi chachikulu.

Ba Anti anapita ndi mwana wawo m'mimba. Pamaliro madzi onse anawiritsidwa, ngakhale osamba m'manja, chifukwa kunkabwera akuluakulu a mpingo ochokera ku Woodlands, kwa anthu olemera. Kapu yobiriwira inatenthedwa pamodzi ndi bulangeti. Dilamu, popeza linalibe mlandu, linatitumikirabe zaka zambiri.

Nditakula ndinalowadi koleji ya zaumoyo, ndipo ndinakhalako nthawi yokwanira kudziwa kumene kuli kantini. Ndisanasiyane nayo mwamtendere, mphunzitsi wina analemba pabolodi kuti hepataitisi E. Anati imayenda m'madzi osakanikirana ndi chimbudzi. Munthu wamphamvu nthawi zambiri amachira yekha, koma mayi woyembekezera imatha kumupha, ndipo kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika imatha kukanirira. Anawonjeza, ngati nkhani yodziwika kwa mwana aliyense, kuti HIV siyenda pakapu. Ba Anti sanayezedwe hepataitisiyo, choncho satifiketi ya zimenezi ndilibe, monganso ndilibe ya china chilichonse.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti lamulo la amayi linali loona mbali imodzi: m'nyumba muja munalidi munthu wofunika kutetezedwa ku madzi a mnzake. Anangolakwitsa munthuyo.

Amayi akalamba tsopano, amakhala kwa ine. Madzi awo ndimawiritsa tsiku lililonse, osaphonya. Kapu ndinawagulira yobiriwira, ndipo sanandifunsepo chifukwa chake.