Pijo ya a Goodman Nakhumwa

"Iwe Phillip, pakati pa iwe ndi galimoto yangayi, wodziwa mayeso ndani?"

Anandifunsa choncho bambo anga aang'ono, a Goodman Nakhumwa, sabata yomwe zotsatira za Fomu 4 zinatuluka dzina langa mulibe. Anafunsa pagulu, ine ndili chogwada ndikutsuka matayala a galimoto yomweyo. Anthu anaseka. Ndinangopitiriza kutsuka, poti nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti munthu wa galimoto sayankhidwa.

A Goodman anabwera m'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri la Michesi, kudzakwatira mayi anga aang'ono, a Belita. Kwawo ndi kwa Chiwalo. Anali kapitawo ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ndipo atapuma ntchito anagula Pijo yakale, yoyera, ya bokosi kumbuyo, kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Tsiku lomwe inafika amayi a m'mudzi analuluta. Tinkati basi mavuto atha, nandolo wathu azifika yekha pamsika, wodwala azikafika kuchipatala ali chogona.

Tinkadzinamiza.

Anaimangira chisakasa pomwe panali nkhokwe ya akazi awo. Anaikweza pamiyala kuti matayala asamakhudze dothi, n'kuifunditsa zitenje, zina mwa izo zatsopano. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankailiza pang'ono, khutu lili pa boneti ngati namwino womvera mimba, kenako n'kuizimitsa. Kumsika, kumaliro, kumunda, eni galimotowo ankapalasa njinga ngati tonsefe.

Imatuluka kamodzi pachaka, kupita ku Blantyre ku fitinesi, komwe amayeza mabuleki, magetsi ndi zonse kuti aone ngati galimoto ikuyenera kuyenda pamsewu. Ndipo chilungamo chake, sinalepherepo. Madalaivala a matola ankabwerekana matayala ndi magalasi kuti akapusitse oyeza, n'kukabwezedwabe. Pijo ya a Goodman inkangolowa n'kutuluka. Pobwera ankayambira kutali kuliza hutala, kenako n'kutiitana tidzaone kapepala kozungulira katsopano pagalasi lakutsogolo.

"Zamakonozi n'zitini," ankatero. "Iyi oyeza aja amachita kuitanizana kuti adzaione."

Ilephera bwanji poti sinanyamulepo ngakhale nkhuku? Chaka cha chisankho chachiwiri anyamata achipani anabwera kudzaibwereka kuti inyamule amayi ovina. A Goodman anagwira pamtima. "Ovina? Pamasipuling'i anga?" Anyamata aja anabwerera ndi nsalu zawo.

Zonsezi tinkangoseka, mpaka pamene a Belita anadzitema phazi ndi nkhwangwa akutola nkhuni m'phiri. Anamanga chilondacho ndi sanza, n'kumati chipola. Sichinapole. Phazi linatupa mpaka m'bondo, linayamba kuda, ndipo m'nyumba munayamba kumveka fungo. Inali sabata ya fitinesi.

Mwana wawo Fanny anawagwadira bambo ake pachisakasa pomwepo, ine ndikupukuta magalasi.

"Ababa, mawa mukudzera njira ya kuchipatala. Ingowatulani amayi pageti."

"Iwe, ukudziwa kuti oyeza amasuzumira m'kati? Akapeza mafinya pampando ndikanena chiyani?"

"Akhala kumbuyo, tiyala mphasa."

"Kumbuyo ndiye kuli masipuling'i. Msewu wamiyalawu, ndi katundu pamwamba? Adikire ndibwereko, tidzaona."

A Belita anamva ali pakhonde. Anangoti, "Asiye, Fanny. Ine katundu ndakhala lero?"

M'mawa mwake tinawakweza pa kaliyala wa njinga ya malemu bambo anga. Ine ndinkakankha, Fanny atawagwira m'chiuno, mwendo wotupawo tikuuteteza ku masipoko ndi katoni. Tikagunda mwala ankaluma nsonga ya chitenje. Dzuwa litakwera tinamva kulira kwa injini kumbuyo. Ndinati mwina munthu uja mtima wamugunda, ndipo ndinaima. Koma tinamva hutala, kutiuza kuti tipatuke. Pijo inatidutsa pang'onopang'ono ngati ili pamaliro, ikuzemba mwala uliwonse, bokosi lili mbee. A Goodman, atavala jekete ndi tayi, anatulutsa mutu pawindo.

"Limbikirani, mwatsala pang'ono! Iwe Phillip, ukawoloke bwino pamlathopo."

Anatsekanso galasi kuopa fumbi.

Kuchipatala anawagoneka nthawi yomweyo. Adokotala anati tikanachedwanso mwendo wonse ukanapita. Anadula chala chachikulu ndi chinzake, ndipo mpaka lero a Belita amayenda motsimphina.

Tsiku lomwe a Goodman anabwerako ku Blantyre, hutala wawo anayambira patali monga mwa masiku onse. Palibe mwana anathamangira. Pachisakasa anapeza amalume a Lekani, mlongo wawo wa a Belita, mwini mbumba yathu, atakhala pamwala umodzi wa ija yokwezerapo galimoto.

"Alamu, yakhozanso!" anatero a Goodman akuloza pagalasi. "Bwerani muone."

"Taona, alamu. Ndiye kuti ndi yabwinobwino?"

"Ilibe vuto ndi pamodzi pomwe."

"Mabuleki, magetsi?"

"Zonse!"

"Chabwino. Ndiye kwa Chiwalo ikakufikitsani popanda vuto. Mlongo wanga munamupeza ndi zala zonse. Wanena yekha kuchipatala kuja kuti akamatuluka asakupezeni. Pamalo pano tikufuna timangenso nkhokwe."

A Goodman anayesa kuseka, anayesa kutchula zaka zomwe akhala pamudzi pano, anatchula ngakhale denga lamalata. Amalume anangoti malatawo akafuna akhoza kukhomola, galimoto ali nayo. Mkamwini ndi mlendo, ngakhale akhale ndi mawilo anayi.

Mukuganiza kuti analira chifukwa cha banja? Ndinawaona ndi maso angawa ataima pakati pa katundu wawo ndi Pijo, akunyamula chinthu chilichonse m'manja kuyesa kulemera kwake. Sutikesi anaika. Wailesi anaika kutsogolo. Mpando wandalema anauika, n'kusuzumira pansi pa bokosi, n'kuutsitsanso. Atafika pa matiresi anandikodola.

"Phillip mwana wanga, iyi ndiye ingandiphere masipuling'i. Uimange panjinga yako ija, uzinditsatira pambuyo."

Ndinayang'ana kaliyala wanga. Anali atapindika ndi ulendo wa kuchipatala uja, ndipo katoni ija inali ikadali m'masipoko. Ndinawauza kuti njinga ili ndi ntchito ina.

Ndipo ntchitoyo ilipodi. Ndatsimikiza kuti Lolemba ndipita nayo paboma, akawotcherere kaliyala wolimba wokhala ndi popondera, ndiikepo kansiponji. Ndidzalemba dzina langa kumbuyo ndi penti yofiira. Aliyense wa kunsi kwa Michesi amene sangathe kuyenda, adzingotuma mwana kwa Phillip.