Mzere Umene Sindinawerenge

Ndinadzuka kusanache. Kusiwa azimayi a kumpingo anali atachezera kuimba, mawu atawathera. Panja chifunga chinali chitakuta phiri, amuna ali khuma pamoto atafunda mabulangete. Bambo anga anali m'bokosi pabalaza, amayi atakhala chakumutu.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga kuchokera ku Bembeke, ena wapansi atasenza ufa ndi nkhuni. Kuseri kwa khola moto wophikira nyemba unkangofuka utsi, poti nkhuni zinali zonyowa. Kenako anatulukira azimayi asanu a gulu limene limakumana Lachitatu kutchalitchi kukafotokozerana nkhanza za m'mabanja mwawo. Ndi iwowa amene anaperekeza amayi kuchipatala chaka chimene bambo anawathyola nthiti. Akuchimuna sanawapatse moni. Iwo anangolowa n'kukhala mozungulira amayi.

Wowerenga mbiri ya malemu ndinali ine. Abambo aang'ono anandipatsa pepala lolembalemba kale. Mzere womaliza unkati malemu anali munthu wamtendere, wosamala banja lake. Ndinakawawerengera amayi monong'ona kukhutu lakumanja, chifukwa lakumanzere linagontha ndi makofi kalekale.

"Usaname pamaso pa Mulungu, mwanawe," anatero amayi. "Komanso usawanyoze. Ndi bambo ako."

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Pabwalo ndinawerenga kuti bambo anabadwira ku Lobi, ankalima mbatatesi, asiya ana anayi. Nditafika pa mzere uja ndinapinda pepala. Ndinati bambo anatilera, komanso m'nyumba mwathu munali nkhanza, ndipo amayi anazipirira zaka zambiri, anthu akumva kulira koma osabwera. Abambo aang'ono anaweramitsa mutu, azakhali anadzuka n'kuchoka.

Adzukulu atanyamula bokosi, tinatsetsereka m'kanjira koterera pakati pa minda yokolola kale. Mayi wina wosamudziwa, atabereka khanda, anandiyandikira n'kundifunsa motsitsa mawu kuti gulu la azimayi lija limakumana nthawi yanji. Ndinamuuza. Sanathokoze, anangobwerera m'chigulu cha anthu.

Dothi litagunda bokosi ndi pamene ndinalira. Ndinkalira munthu amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, yemwenso ndinkamuthawira m'nkhokwe akabwera atakwiya.

Madzulo akuchimuna anapita osatsanzika. Azimayi asanu aja anasesa, anakulunga mphasa, nanena kuti adzabwera mawa. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, pabalaza, malo amene panali bokosi ali pululu. Mphepo inamenyetsa chitseko. Amayi anadzidzimuka n'kutchinga nkhope ndi mkono.

"Ndi mphepo chabe, amayi," ndinatero.

"Ndikudziwa," anayankha, koma mkonowo unatenga nthawi kuti utsike.