Dayisi ya Kuseri kwa Makina

Loweruka lililonse masana, telala ankasiya zosoka n'kutsogolera masewera. Iye ankapeka nkhani, anzake anayi ankakhala asilikali a m'nkhanimo, ndipo dayisi ndiyo inkagamula wofa ndi wopulumuka. Dayisiyo ankaiponya yekha kuseri kwa makina osokera.

Mnzake wometa tsitsi zinkamudabwitsa. Chaka chathunthu, msilikali wa mlamu wake wa telala osafa olo kamodzi! Si kukondera kumeneku?

Tsiku lina msilikali wa wometayo atakumana ndi chilombo, wometa uja anasuzumira kuseri kuja. Dayisi inagwera pa wani, kutanthauza imfa.

"Mwapulumuka, achimwene," anatero telala, m'maso muli gwa.

Za mlamu zija wometayo sanazitchulenso mpaka lero.