Samva ndi Makina Ake

Pakhonde la sitolo ya nsalu pamakhala telala wina amene msewu wonse umangomutcha Samva. Dzinali silimupweteka. Nanga lingamupweteke bwanji dzina loti sanalimvepo? Anabadwa wosamva, ndipo amene anayesapo kumuuza zochita amakuuzani kuti ndi wosamva pawiri, makutu ndi mutu womwe.

Ali mwana anamutumiza kusukulu ya ana osamva, masiku amene aphunzitsi ankakhulupirira kuti manja ndi amene amalepheretsa mwana kulankhula. M'kalasi lamulo loyamba linali kukhalira manja. Dzanja likangotuluka, rula inkalipeza. Tsiku lonse ana ankayang'ana milomo ya aphunzitsi, kuwagwira pakhosi, kuuzira nthenga kuti aphunzire kutulutsa mpweya. Zaka zonsezo Samva anatolako mawu atatu: inde, pepani, zikomo. Taonani nkhanza zake. Mwana kumuphunzitsa kuvomera, kupepesa ndi kuthokoza, koma kukana ayi. Kubafa n'kumene ana ankamasula manja, n'kumajeda aphunzitsi mpaka zala kuwawa. Atachoka pasukulupo anatseka pakamwa, ndipo mawu atatu aja sanawatulutsenso.

Anaphunzira kusoka, anakwatiwa, banja linatha. Anatsala ndi makina opalasa ndi phazi komanso mwana mmodzi wamkazi, wosamvanso. Pasukulu yapafupi panali chipinda cha ana osamva, ndi mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja. Mwanayo akaweruka ankabwera ndi nkhani zodzaza manja onse awiri: wagwa ndani, wabera mayeso ndani, dziko limazungulira bwanji. Anali wolongolola moti tsiku lina mayi ake, maso ali pa nkhani, anasokera thumba kumsana kwa malaya a munthu.

Kenaka kunabwera ahedi atsopano. Anati chipinda chija chikhale chosungiramo mabuku ndi madesiki othyoka, ana osamva agawidwe m'makalasi a anzawo, ndipo zogwedezagwedeza manja zithe chifukwa zikusokoneza ana ena. Mphunzitsi uja anamupatsa kalasi ina.

Posakhalitsa Samva anapeza mwana wake atakhala pampando kunyumba, manja ali pansi pa ntchafu. Anamufunsa, mwana anangoyang'ana pansi. Anamukoka manjawo, mwana anawabwezera pomwepo. Samva anapsa mtima, komanso anachita mantha, chifukwa ankadziwa kuti manja akazolowera malo amenewo satuluka msanga.

Kumsonkhano wa makolo anapita ndi mng'ono wake kuti azikamumasulira. Mng'onoyo amamva bwinobwino, koma ndi munthu woopa maso a anthu. Ahedi atati amene ali ndi mawu akweze dzanja, Samva anakweza onse awiri. Anaimirira, manja n'kuyamba kuuluka. Anati mwatulutsa ana n'kulowetsa madesiki othyoka, ndiye mutiuze, pasukulu pano mumaphunzitsa ndani? Anati mwana wongoyang'ana milomo tsiku lonse sali pasukulu, akungodikira belu, belu lake loti salimva n'komwe.

Mng'ono uja anakhosomola. "Akuti zikomo kwambiri ahedi, zikomo chifukwa cha ntchito imene..."

Apo ndiye anaponda pamoto. Mawu oti zikomo Samva anawaphunzira ndi rula, angawazindikire pamilomo ya munthu amene ali tsidya la msewu. Anamugwira chibwano mng'ono wakeyo, n'kumutembenuza kuti ayang'anane.

"Ndathokoza ndani?" anafunsa ndi manja.

"Akulu, pali anthu pano," mng'ono anayankha ndi tizala, mobisa.

"Ndadzera anthuwo. Nena zimene ndanena."

Mng'ono ananena zonse. Ahedi anati nkhaniyo inatha kale, mayiwo akhale pansi. Samva sanakhale. Ahedi anabwereza, Samva ali chilili. Atatopa ahedi anati, "Koma mayi awa ndi osamva eti?"

Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete. Mng'ono anamasulira, ulendo uno osachotsako kanthu, ndipo Samva anayankha, "Uwauze kuti adziwa mochedwa." Holo yonse inaseka, koma msonkhano unatha chipinda chija chili chokiya.

M'mawa mwake anakweza makina pawilibala. Anakawatsitsa pakhonde la chipinda chokiyacho, pafupi ndi zenera la ofesi ya ahedi, n'kuyamba kusoka. Makinawo ndi akale, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya dala kuwathira mafuta. Gwedegwede, gwedegwede, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Mlonda anatumidwa kuti akamuchotse, anabwerako kolala yake itasokedwa. Ahedi anatuluka okha kudzakalipa, koma kukalipira munthu wosamva kumafuna iye akubwereke maso, ndipo maso a Samva anali pa singano. Ahedi anatseka zenera, kutentha kunawatsegulitsa. Makasitomala anayamba kumulondola komweko. Amayi ena a ana osamva ankabwera kudzakhala pamasitepe, wina ndi zoluka zake, wina ndi khanda kumsana.

Mng'ono wake anamuchenjeza kuti adzamuitanira apolisi. Samva anati abwere, mayunifomu awo nawonso amang'ambika. Koma madzulo akafika kunyumba ankapeza manja a mwana ali pansi pa ntchafu, ndipo mtima unkamuwawa kwambiri.

Lachisanu lina mlonda anabwera ndi makiyi n'kuyamba kutulutsa madesiki othyoka. Ahedi sanaonekere. Anangotumiza mawu kuti mabuku akuchita chinyontho m'chipindamo. Mphunzitsi uja anafika ndi tsache, n'kuuza Samva ndi manja kuti mwina angakathokoze kuofesi. Samva anapukusa mutu, phazi likupalasabe.

Ana osamva anayamba kubwera kuchokera m'makalasi amene anawamwaza. Wake anafika pomalizira, manja atawabisa kumbuyo. Anaima pafupi ndi makina, nayang'ana chitseko chotsegula, nayang'ana mayi ake. Pang'onopang'ono dzanja limodzi linatuluka, kenaka linzake.

"Amayi, akuti mumasokosa."

Samva anasiya kupalasa. Anapukuta maso ndi nsalu ya kasitomala, n'kukankhira makina pambali kuti awaone bwino manjawo.

"Akutero ndani? Fotokoza zonse, uyambire poyambirira."